Kukongola Kwake Kotani? Ulendo wa ku Arizona

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ndi aphunzitsi a zilankhulo, pali chiganizo chimodzi chimene ndachidula mzere wofiira kambirimbiri kuposa china chilichonse. Chiganizocho n'chakuti, "Malowa ndi okongola kwambiri." Mukapatsa ophunzira chimangirizo chofotokoza malo amene anapitako, kaya ndi kunyanja, kuphiri kapena kumudzi kwa agogo, dziwani kuti chiganizochi chibwera ndithu, nthawi zina kanayi patsamba limodzi. Ine ndinkalemba m'mphepete mwa tsamba kuti, "Kukongola kwake kotani?" ndipo ndinkalimbikitsa aphunzitsi kuti nawonso azifunsa chimodzimodzi. Ngakhale mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali mu Fomu 2, funsoli linkamupeza patebulo la kunyumba, ndipo sankakondwa nalo.

Ndiye m'mawa wina ndinaima m'mphepete mwa Grand Canyon, m'chigawo cha Arizona ku America, n'kutulutsa foni kuti ndiwauze a kunyumba zimene ndinkaona. Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Mapeto ake ndinatumiza mawu awa: "Kuno n'kokongola kwambiri." Kwathu kunali kumadzulo, mwana uja atangoweruka kusukulu. Sipanathe mphindi ziwiri yankho linafika: "Amayi, kukongola kwake kotani?" Ndinaseka, koma manyazi anandigwira, chifukwa ndinalibe choyankha.

Ndinapita ku Arizona kumsonkhano wa anthu ophunzitsa aphunzitsi umene unachitikira mumzinda wa Phoenix. Msonkhano utatha tinatsala ndi sabata yathunthu tisanakwere ndege, ndipo mphunzitsi wina wa komweko anadzipereka kutiyendetsa pagalimoto yake, ine ndi mnzanga wa ku Chipata. Unali mwezi wa Okutobala, pamene kwathu dzuwa limaswa mtengo, koma kumeneko kutentha kumakhala kukuchepa poti akulowera m'nyengo yozizira. Arizona ndi dera lalikulu, kuwirikiza Malawi pafupifupi kawiri ndi theka. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a deralo ndi malo a mitundu ya anthu imene Azungu anaipeza kale kumeneko, ndipo mitundu imene boma limaizindikira ilipo 22. Izi ndinaziwerenga ndisananyamuke, koma ndinangozisunga m'mutu ngati manambala a pamayeso.

Tinayambira kum'mwera, ku Saguaro National Park, pafupi ndi mzinda wa Tucson. Pomva kuti tikupita kuchipululu ndinkayembekezera mchenga wokhawokha. Chimene ndinapeza ndi nkhalango ya mtundu wina. Mapiri onse anali ataimirira zomera zaminga zopanda masamba, zonenepa ngati mgolo waung'ono, zina zotalika mpaka mamita 12, zitakweza nthambi zake m'mwamba ngati munthu amene akuyankha funso m'kalasi. Chomerachi, chimene amachitcha saguaro, chimamera mwachilengedwe m'chipululu cha Sonoran mokha. Chimakula pang'onopang'ono moti pakatha zaka khumi chimakhala chisanapose chala cha munthu, ndipo nthawi zambiri chimayamba moyo chitabisala pamthunzi wa kamtengo kena. Nthambi yoyamba imatuluka chikapyola zaka 50, mwinanso 70, ndipo chimatha kukhala ndi moyo zaka 150 kapena 200. Thupi lake lili ndi mizere yopindika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mvula ikagwa mizereyo imatambasuka, chomeracho n'kufufuma ndi madzi amene chidzagwiritse ntchito m'chilimwe. Agogomole amaboola mphako m'thupi mwake, ndipo akasamuka mumalowa tiakadzidzi.

Eni deralo ndi anthu a mtundu wa Tohono O'odham, dzina lotanthauza "anthu a m'chipululu". Iwo saguaro amamuona ngati m'bale. Chakumapeto kwa Juni amathyola zipatso zake ndi mtengo wautali wopangidwa kuchokera ku nthiti zouma za saguaro yemweyo, n'kuziphika kuti zitulutse madzi otsekemera, ndipo mbali ina amafululira chakumwa cha pamwambo wopempha mvula. Chaka chawo chatsopano chimayambira pakukolola kumeneku. Dzina la mzinda wa Tucson nalonso ndi lawo: likuchokera ku mawu otanthauza "m'tsinde mwa phiri lakuda". Mnzanga wa ku Chipata atamva zimenezi anatembenuka n'kuyamba kufunafuna phirilo. Ine ndinali kalikiliki kujambula zithunzi, ndipo sindinalabadire kuti dzina lokha lamutembenuza khosi.

Tsiku lotsatira tinalowera kumpoto. Phoenix ali pamalo otsika, mamita oposa 300 pang'ono kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Flagstaff, kumene tinakagona, ali pamamita pafupifupi 2,100. Pamtunda wa maola ochepa dziko linasintha kangapo. Zomera zaminga zija zinatha, kunabwera tchire lalifupi, kenaka matanthwe ofiira a ku Sedona, ofiira ngati dothi la katondo koma otalika ngati nyumba zosanja. Kuchokera pamenepo msewu umakwera mokhotakhota m'chigwa cha Oak Creek mpaka kulowa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Pamwamba pa Flagstaff pali mapiri a San Francisco Peaks, amene nsonga yake yaitali kuposa zonse, Humphreys Peak, imapyola mamita 3,800. Anthu a mtundu wa Navajo ndi a Hopi amawalemekeza mapiriwa ngati malo opatulika, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dzina lakelake la mapiriwo. Usiku umenewo ndinagona ndi juzi, ndikudabwa kuti dzulo lake lomwelo ndinali thukuta kamukamu.

Tinadzuka mbandakucha kuti dzuwa likatitulukire ku Grand Canyon. Chodabwitsa n'chakuti popita kumeneko palibe chokuchenjeza. Msewu umadutsa pamalo athyathyathya, pakati pa mitengo, ndipo ukatsika galimoto n'kuyenda pang'ono, dziko limangothera pamapazi ako. Chigwembe chimenechi n'chotalika makilomita 446, m'malo ena n'chotambalala makilomita 29, ndipo kuya kwake kumafika mamita 1,800. Anachikumba ndi mtsinje wa Colorado, umene ukauyang'ana uli pamwamba umaoneka ngati ulusi. Apa m'pamene ndinatumiza uthenga wanga wosauka uja.

Pambuyo pake ndinatonthozedwa pomva kuti si ine ndekha amene maso anamunamiza pamalopa. Mu 1540 gulu la asilikali a ku Spain, lotsogozedwa ndi García López de Cárdenas, linafika m'mphepete mwa chigwembechi litaperekezedwa ndi anthu a mtundu wa Hopi. Atayang'ana pansi anaganiza kuti mtsinjewo ndi kamfuleni kakang'ono, ngakhale kuti owaperekezawo anawauza kuti ndi waukulu. Amuna atatu anayesa kutsika. Anabwerera asanafike n'komwe pakati, n'kunena kuti miyala imene pamwamba inkaoneka yofanana ndi munthu inali yotalika kuposa nsanja yaikulu ya ku Seville kwawo. Diso likakumana ndi chinthu chimene silinachionepo, limachiyeza ndi zimene likudziwa kale, ndipo limaphonya.

Ifenso tinatsika, ngakhale kuti sitinapite patali. Tinatsata njira yotchedwa Bright Angel Trail mpaka pamalo oyamba opumulirapo, makilomita awiri ndi theka kuchokera pamwamba. Apa m'pamene mawu anayamba kubwera. Miyala ya pamwamba penipeni ndi yotuwa, ndipo muli zigoba za tizilombo ta m'nyanja, chifukwa zaka pafupifupi 270 miliyoni zapitazo malowa anali pansi pa nyanja. Ndinagwira chigoba chimodzi ndi chala, pamtunda wa mamita oposa 2,000. M'munsi mwake muli thanthwe loyererako, loima chilili ngati khoma, limene kale linali milu ya mchenga wa m'chipululu. Kupitirira apo nthaka imafiira, ndipo fumbi lake linandilowa m'nsapato ndi m'makwinya a siketi. Pansi penipeni, kumene ife sitinafike, pali miyala yakuda ya zaka pafupifupi 1.7 biliyoni. Kutsika kulikonse mpweya unkafunda. Tinapatukira nyulu zonyamula alendo, titatsamira khoma, fungo lake likutikumbutsa khola la abulu. Khwangwala anadutsa m'munsi mwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona msana wa mbalame ikuuluka.

Pokwera pobwerera ndinapuma kasanu ndi kawiri. Mtima unkagunda m'makutu, maondo akunjenjemera, madzi a m'botolo atatsala pang'ono. Oyang'anira malowa amachenjeza alendo kuti asayerekeze kutsika mpaka kumtsinje ndi kubwerera tsiku lomwelo, chifukwa kukwera kumatenga nthawi yowirikiza kawiri kutsika, ndipo m'miyezi yotentha pansipo kutentha kumapyola madigiri 40. Nditafika pamwamba ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuchidziwa kalekale monga mphunzitsi. Ndili m'mphepete muja ndinali ndi mfotokozi mmodzi yekha, "kokongola". Nditatsika n'kukwera ndinali ndi aneni odzaza dengu: kuterera, kutsamira, kupatuka, kuwefuka, kusuzumira. Mawu amenewa anachokera m'miyendo.

Chachiwiri ndinachipeza pamapu amene amapereka pachipata. Zitunda zikuluzikulu za m'kati mwa chigwembechi zili ndi mayina monga Vishnu Temple, Shiva Temple ndi Brahma Temple, mayina a milungu ya ku India. Anayambitsa mchitidwe umenewu ndi katswiri wa za miyala, Clarence Dutton, cha m'ma 1880. Zikuoneka kuti nayenso mawu anamuthera, ndiye anakabwereka kutali. Koma chigwembechi sichinali chopanda eni. Pali mitundu 11 imene mbiri yake ndi yolumikizana ndi malowa. Kuchokera pamene tinapumulira paja tinkaona patali m'munsi kadera kobiriwira, kamitengo, pamene pali kasupe. Kwa zaka zambiri mapu ankatcha malowo Indian Garden. Kumeneko kunkakhala ndi kulima mabanja a mtundu wa Havasupai. Grand Canyon itakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa ndi boma mu 1919 anayamba kukankhidwa, ndipo womaliza anachotsedwa mokakamiza mu 1928. Mu 2022, a Havasupai atapempha, dzinalo linasinthidwa kukhala Havasupai Gardens. Dzina la mtunduwu limatanthauza "anthu a madzi obiriwira", kunena za mtsinje wa kwawo umene madzi ake ali pakati pa mtundu wa msipu ndi wa thambo. M'Chingerezi mtundu umenewu amaufotokoza polumikiza mawu awiri. Ine sindinavutike nawo, poti agogo anga mawu akuti "kubiriwira" ankawanena pa masamba ndi pa madzi akuya omwe.

Kuchokera ku Grand Canyon tinalowera kum'mawa, m'dziko la a Navajo, amene amadzitcha okha kuti Diné. Dera lawo ndi lalikulu makilomita pafupifupi 71,000 mbali zonse, ndipo limalowa mpaka ku Utah ndi ku New Mexico. Tinadutsira ku Monument Valley, kumalire ndi Utah, kumene matanthwe ofiira aima paokhapaokha pachidikha. Ambiri tinawaonapo m'mafilimu a anyamata okwera pamahatchi, osadziwa kuti pansi pa matanthwewo pali mabanja oweta nkhosa. Tinakagona ku Chinle, pakhomo pa chigwa chimene ndingauze aliyense kuti akapita ku Arizona asachiphonye.

Pamapu chigwachi chimalembedwa kuti Canyon de Chelly, koma potchula amati "de shei". Chifukwa chake n'chakuti a Navajo amachitcha Tséyi', kutanthauza "m'kati mwa thanthwe". Anthu a ku Spain analemba mawuwo monga anawamvera, olankhula Chingerezi n'kudzawatchula mwa njira yawo, mpaka dzina linasanduka chinthu chopanda tanthauzo m'chilankhulo chilichonse. Poyerekeza ndi Grand Canyon chigwachi n'chaching'ono. Pakhomo pake makoma ndi aafupi, koma ukamalowa amakwera mpaka mamita pafupifupi 300, osalala, ofiira, okhala ndi mizere yakuda yotsika ngati pamene padutsa madzi pakhoma la nyumba. Pansi pali mchenga, mitengo imene mu Okutobala masamba ake amasanduka achikasu, minda ya chimanga ndi makola. Anthu akhala m'chigwachi zaka pafupifupi 5,000, ndipo m'mapanga a m'makoma muli nyumba zamiyala za anthu akale amene anakhalamo a Navajo asanafike. Ngakhale kuti kuyambira 1931 malowa amatetezedwa ndi boma la America, nthaka yake ndi ya a Navajo, ndipo mlendo wofuna kuyenda m'kati mwa chigwa amayenera kukhala ndi womuperekeza wovomerezeka.

Wotiperekeza anali mayi wachikulire amene anakulira momwemo, akuweta nkhosa za agogo ake. Sanagwiritse ntchito mawu akuti "kukongola" ngakhale kamodzi. Ankangotchula mayina, poyamba m'chilankhulo chake, kenaka n'kumasulira. Thanthwe lililonse, pokhota paliponse, panali dzina, ndipo dzina lililonse linali ngati chiganizo chathunthu chonena maonekedwe a malowo kapena chimene chinachitikapo. Akatchula, ife tinkatembenuka n'kuona chimene chinali pamaso pathu nthawi yonseyo. Ndinakumbukira mnzanga uja akufunafuna phiri lakuda ku Tucson. Madzulo ake anatitengera pamwamba kuti tikaone Spider Rock, mwala wowonda woima wokha, wotalika mamita oposa 200, umene a Navajo amati ndi kwawo kwa Mayi Kangaude amene anawaphunzitsa kuluka.

Mayina ena ndi olemera. M'nthambi ya kumpoto ya chigwachi muli phanga limene mu 1805 asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Antonio Narbona, anapheramo a Navajo oposa 100 amene anabisalamo. M'Chingerezi limatchedwa Massacre Cave, dzina longonena za kuphedwa kwa anthu. Dzina la Chinavajo limatanthauza "pamene awiri anagwera", pokumbukira mayi amene analimbana ndi msilikali mpaka onse awiri anagwera kuphompho. Malo ndi amodzi, koma dzina lina likukumbukira ophedwa, lina likukumbukira amene anakana kufa atapinda manja. Mu 1864 asilikali a America, pansi pa Kit Carson, analowa m'chigwachi. Minda inawonongedwa, mitengo ya mapichesi masauzande inadulidwa, ndipo a Navajo zikwizikwi anayendetsedwa wapansi makilomita oposa 450 kupita ku Bosque Redondo ku New Mexico. Ambiri anafera panjira ndi kumeneko. Otsala anabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mu 1868.

Titakhala pamthunzi kuti tidye kamba, ndinawafunsa mayiwo ngati adzukulu awo amawadziwa mayinawa. Anapukusa mutu. Anati amayi awo anatumizidwa kusukulu yogonera komweko kumene mwana akalankhula Chinavajo ankalangidwa, ndipo ambiri a m'badwo umenewo atakula anaganiza zowapewetsa ana awo mavuto powalankhula Chingerezi chokha. Adzukulu awo amamva pang'ono, koma sayankha. Anatiuzanso za sukulu monga ya ku Rough Rock, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo inayamba kuphunzitsa ana m'Chinavajo ndi m'Chingerezi moyendetsedwa ndi eni dera. Anati ntchitoyo ikupitirira, koma mayina a m'chigwa saphunzirika bwino pabolodi. Mwana amayenera kuyenda ndi munthu wamkulu, n'kumva dzina ataima pamalo pake.

Ine ndi mnzanga tinayang'anizana. Tonse awiri tinaphunzira m'sukulu zimene wolankhula chilankhulo cha makolo ankapatsidwa chibalo. Tonse tikudziwa kuti mathithi amene David Livingstone anawatcha Victoria Falls mu 1855 anali kale ndi dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, utsi umene umagunda, dzina limene limakuuza chimene udzaone ndi chimene udzamve usanafike. Nsonga yaitali ya phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, imatchedwa Sapitwa, ndipo palibe mfotokozi amene angapose chenjezo limenelo. Koma ndisanayambe kuloza ena chala ndinakumbukira kuti ife olankhula Chichewa tilinso ndi mbali yathu. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko ku Malawi, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Mwana wolankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga amene ndinkamufunsa kuti "Kukongola kwake kotani?" mwina yankho anali nalo, koma m'chilankhulo chimene sindinamulole kulowa nacho m'kalasi. Ndiponso agogo anga ankatchula dzina la dambo lililonse ndi kaphiri kalikonse kuchokera kumudzi mpaka kumsika. Ine, ndi maphunziro anga onse a zilankhulo, ndikukumbukirapo anayi okha.

Pobwerera ku Phoenix tinaima ku Petrified Forest National Park, kumene mitengo ikuluikulu ya zaka zoposa 200 miliyoni inasanduka miyala. Ili gonegone pachipululu, makungwa ake akuonekabe, koma m'kati mwake muli mwala wonyezimira wofiira, wachikasu ndi wofiirira. Kutola kachidutswa n'koletsedwa, komabe alendo ena amaba, ndipo kwa zaka zambiri ena mwa iwo akhala akubweza zidutswazo papositi pamodzi ndi makalata opepesa. Ogwira ntchito pamalowa sazibwezera kutchire, chifukwa sizidziwikanso pamene zinatoledwa, ndipo mwala wosadziwika pochokera suphunzitsanso kanthu akatswiri. Umangoikidwa pamulu.

Chibwerere ku Arizona ndinasiya kulemba funso lija m'mphepete mwa tsamba. Funsolo si lolakwika, koma ndinkalifunsa pamapeto, mwana atalemba kale, ndisanamupatse chilichonse choti ayankhire. Masiku ano ndikakhala ndi aphunzitsi timayamba ndi kutuluka panja. Timayenda mpaka kumtsinje, kuchulu kapena kumtengo waukulu umene uli pafupi, ndipo aliyense amabwera ndi aneni khumi ndi mivekero isanu ya zimene thupi lake lachita ndi kumva. Kenaka aliyense amakafunsa munthu wachikulire wa m'deralo mayina atatu a malo, m'chilankhulo chilichonse chimene mayinawo alimo, pamodzi ndi nkhani yake. Chimangirizo chimabwera pambuyo pa zonsezi. Mphunzitsi wina anandiuza kuti njirayi imadya nthawi ndipo silabasi sidikira. Ndi zoona, ndipo kalasi ya ana 90 situluka panja mwachisawawa. Koma kufunsa agogo dzina la dambo ndi ntchito ya kunyumba imene sifuna buku kapena ndalama, ndipo agogowo sadzakhalapo mpaka kalekale.

Mwana wanga ndinamuyankha usiku umene tinagona ku Chinle kachiwiri. Ndinalemba kuti: "Lero ndinali m'kati mwa thanthwe, ndipo dzina la malowo ndi lomwelo. Makoma ake ndi ofiira psuu, osalala ngati mbiya, ndipo kuti uone pamene athera umachita kugwira chipewa. Pansi pali mchenga woziziritsa mapazi ndi chimanga chouma chonga cha kwa agogo ako. Kuli zii, moti belu la nkhosa limamveka kawiri, kuchokera kunkhosa ndi kuchokera kukhoma." Anandiyankha m'mawa mwake kuti, "Apa ndiye mwayesetsa, Amayi. Koma mwaiwala ndime yomaliza."